Kagalimoto ka bambo ako ndakawononga

Mogens,

Foni yako yazima, ndiye ndikulemba apa. Aimba akunyumba ya okalamba kuti bambo ako asiya kudya ndi kulankhula, mwina safika mawa. Ndatsogola pa njinga.

Kagalimoto kampikisano kapulasitiki kaja, kamene wakhala ukuwamangira chiyambire Khirisimasi, ndakawononga. Unanena m'mawa kuti penti yofiira wapoperayo isakhudzidwe mpaka Lamlungu. Ndinamva ndithu. Koma Lamlungu latalika, ndiye ndinakaika pa hita yotenthetsera m'nyumba ya pansi pa windo kuti kaume msanga, ine n'kumasaka makiyi. Pobwera ndapeza denga lapindika ngati chipewa choti munthu wachikhalira, nambala 14 yakwinyika, chala changa chadinda pachitseko. Ntchito yako ya miyezi itatu ndaimaliza m'mphindi khumi. Pepa. Udzandikalipire tsiku lina, lero ayi.

Ndakatenga momwemo. Matayala ake ndi guluu zili patebulo lakukhitchini, ubwere nazo udzamalizire pambali pa bedi lawo. Usakhalenso pansi n'kumapala tizidutswa ndi sandipepa, ndikukudziwa iwe.

Pafoni ndinafunsa nesi ngati bambo angathe kukaona kagalimotoko. Iye akuti, "Mayi, maso atseka kale, koma mukawagwira dzanja akumafinya."

Ndiye kupindikako sakakuona. Bambo ako, amene ankasintha matayala a galimoto yeniyeni ya nambala 14 ali mnyamata, angofuna kumva tayala likuzungulira pachala, iwe uli pompo.

Galu ndamudyetsa. Usavule nsapato.

Solvej