Phewa Lakumanzere la Lorna

Norfolk, Virginia
3 Okutobala 2017

Okondedwa Bambo,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija likukulolani kuyendera okolola chimanga. Ine kuno ndili moyo, ntchito yanga yosunga zikalata kubwalo la milandu ikuyenda monga mwa masiku onse.

Lachisanu, pa 29 Seputembala, mwana wanu Lorna anakwezedwa kukhala adimiro, ndiye kuti mkulu wa zombo zankhondo zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi asilikali onse a m'menemo. Kalata yokuitanani munaibweza yosatsegula, choncho ndikuuzani ndine.

Asanamveke nyenyezi za udindowo pamapewa, anawerenga mbiri yake. Anatchula anthu 212 amene anawavuula m'nyanja bwato lawo litasweka ndi namondwe. Anatchulanso kuti pa zombo zitatu zimene wayendetsa, sanatayepo mwana wa munthu m'madzi, ngakhale mmodzi. Pamenepo ndinakumbukira mng'ono wanu, bambo aang'ono a Orval, amene anagwa m'chombo mu 1968 osapezekanso. Ndikudziwa kuti ndi chifukwa cha iwo munalumbira kuti mwana wanu sadzapita kunyanja.

Mwambo wawo ngwakuti achibale ndiwo amaveka nyenyezi, wina phewa ili, wina linalo. Lakumanja ndinamveka ine. Mwamuna wake atanyamuka kuti amveke lakumanzere, Lorna anamgwira dzanja nati akakhale pansi, iye zake anamveka kale mphete.

Adimiro wamkulu wotsogolera mwambowo anamuyang'ana uku ndi uku, nafunsa ngati mayiyu akufuna kuyenda chopendekera ngati chombo chobooka. Lorna anayankha kuti bwana, pepani, phewa ili lili ndi mwini wake, koma ali kumunda ku Nebraska, ndipo saitanidwa kawiri. Holo yonse inafa nacho chiseko. Kenaka anthu mazana anayi anaimirira n'kuomba m'manja, iye ali chilili ndi phewa limodzi lopanda kanthu. Ine sindilira pagulu. Tsikulo ndinalira.

Tsopano mumve cholakwa changa.

Mu 1986 Lorna anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sukulu ya asilikali apamadzi inafuna chilolezo cha kholo. Inu munang'amba chikalatacho. China chitafika kusukuluko chili ndi dzina la Mayi, munati akuperekani ndi mkazi wanu, ndipo simunadye nawo pamodzi mpaka chisanu chinatha.

Amene anasaina si Mayi. Ndinasaina ndine, pa 11 Epulo, pa tebulo la ku positi ofesi, nditayeserera dzina lawo masiku atatu kuseri kwa kalendala. Mayi atazindikira anangondiuza kuti iwe Marlene, chilembo changa cha K sichiwongoka choncho, tseka pakamwa, bambo ako ndithana nawo ndekha. Anausenza mlanduwo kufikira kumanda. Lorna ndamuuza sabata yathayi. Anati akulu, ndiye inu amene mumandikalipira ndikalakwitsa deti?

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikubweza zikalata za anthu chifukwa cha chilembo chimodzi chokayikitsa. Bodza langa la papepala ndi limodzi lokhali. Ndikupepesa chifukwa cha Mayi, amene munawakwiyira popanda mlandu ine nditangokhala chete. Koma za Lorna sindipepesa. Anthu 212 aja ali ndi ana tsopano.

Pempho langa nali. Lamulo lanu lakuti yunifomu isalowe pachipata walisunga zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ulendo uliwonse Lorna amavulira m'chimbudzi cha pamalo omwetsera mafuta m'tauni ya Wahoo, n'kufika kwanu atavala malaya a kumunda ngati mlendo wodzagula ng'ombe. Loweruka, pa 14 Okutobala, masana, tifika tonse awiri, ndipo ku Wahoo sitiima. Akuti akaima kunja kwa chipata, nyenyezi ili m'dzanja, ndipo kudikira anakuphunzira panyanja. Akutinso mukati mumveke musadzalimbitse ngati mukumanga waya wa khola, nsaluyo njaboma.

Ngati mkwiyo ulipobe, mwini wake mwamdziwa. Mudzanditsekere ine, iye mumtsegulire.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Dwight ndi alamu a Patrice, ndipo muwauze adzoze mafuta chipata chija, chimalira kwambiri. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani nyengo youma mpaka chimanga chonse chitalowa.

Pansipa ndasaina dzina langa, ndi dzanja langa.

Ndine mwana wanu woyamba,
Marlene Kovarik