Mawu Ofiira a Akapitawo

Lachisanu, 14 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ngakhale ntchito ikukupanikizani. Kuno ana ali bwino, wamng'onoyu dzino lachiwiri laguluka ndipo akuti ndisaiwale kukuuzani. Alamu atuluka m'chipatala dzana. Bala likupola, koma monga ndinanenera pa foni, zala zitatu za dzanja lamanja zapita. Tsiku lija ndinangoti inali ngozi. Lero ndatenga pepala chifukwa zotsalazo pakamwa zikukana kutuluka.

Mukulikumbukira buku lachikuto chakuda lija la kuntchito kwathu kosindikiza mabuku? Aliyense wogwira makina ankalembamo zomwe waphunzira, kasakanizidwe ka inki, kamangidwe ka lamba, chochita pepala likakanirira. Zaka makumi awiri, anthu oposa khumi, tsamba lililonse lili ndi chidindo cha chala chamafuta. Chaka chatha mabwana anati bukulo lisanduke webusaiti, kuti munthu azingolemba mawu pa foni n'kupeza yankho pomwepo. Anasankha ine poti ndine wa pakompyuta, ndipo ndinanyada, ndisaname. Tinatha miyezi inayi, anzanga akundiwerengera zolemba zawo zonga mopalasa nkhuku, ine ndikutayipa. Tsiku loitsegula anandiombera m'manja mpaka mutu unandikula.

Tili ndi makina akale odulira mapepala omwe timawatcha Ng'ona. Ng'onayo ili ndi khalidwe lake: ngakhale uzimitse magetsi, mpeni wake umatha kutsika wokha ngati sunalowetse chitsulo chotchingira cha pambali. Akapitawo athu akale, omwe anapuma ntchito, analemba zimenezi ndi inki yofiira pa tsamba loyamba la mutu wonena za Ng'ona m'bukumo. Wowerenga bukulo sakanafika pa kasinthidwe ka mpeni osadutsa pa mawu ofiirawo.

Ine ndinaduladula mutuwo kukhala timasamba tating'ono kuti kufufuza kuzifulumira, ndipo chenjezo ndinalisiya pa tsamba lakelake la mawu oyamba. Akapitawo atabwera kudzacheza ndinawaonetsa pa foni, ndikudikira kuyamikiridwa. Anayang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Nanga munthu akalowera pawindo, chikwangwani cha pakhomo achiwerenga bwanji?" Ndinaseka, mumtima ndikuti ukalamba ndi matenda. Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma awa agonera n'kuwawa.

Alamu, amene ntchitoyi ndinawapezera ndine, anali atangotha milungu isanu. Tsiku la ngoziyo woyendetsa Ng'ona wa masiku onse anadwala, mabuku a sukulu akudikira kudulidwa. Alamu anachita zomwe tinawaphunzitsa. Analemba pa foni kuti kusintha mpeni, tsamba linatseguka, anazimitsa magetsi n'kutsata ndondomeko mzere ndi mzere. Za chitsulo chija panalibe.

Achemwali, tchimo langa lenileni lili apa. Galimoto itangonyamuka nawo kupita kuchipatala, anzanga akukolopa magazi pansi, ine ndinalowa mu ofesi, ndinatsegula tsambalo n'kuikapo chenjezo pamwamba, m'zilembo zofiira. Ndinadzinamiza kuti ndikuteteza wina amene angabwere pambuyo. Zoona n'zakuti ndinachita mantha. Komiti yofufuza itabwera inapeza chenjezo lili pomwepo, ndipo yalemba kuti alamu sanawerenge. Lolemba likubwerali akawauza kuti ntchito yatha chifukwa cha kusasamala kwawo.

Chomwe chikundidya mtima n'chakuti alamu akhulupirira. Dzulo ndikuwamanga mabatani a malaya, anati mwina maso awo anadumpha mzere, poti sukulu sanapite nayo patali. Kenako anati, "Mlamu, musadandaule, webusaiti yanu ija ndi yabwino. Wopusa ndine." Ndinamaliza mabatani onse n'kukalirira kubafa.

Webusaitiyo imasunga mbiri ya chilichonse chosinthidwa, tsiku, ola ndi amene wasintha. Wodziwa potsegulira mbiriyo ndine ndekha, ndipo nditakhala chete palibe angadziwe. Ndaisindikiza, ili mu envulopu m'chikwama changa. Lolemba ndikalowa nayo ku komiti alamu asanaitanidwe. Ntchito yanga ithera pomwepo, ndikudziwa, ndiponso zala sizimera. Koma sindingalole bambo wa ana anu akalambe akudziyesa mbuli chifukwa cha ine.

Alamu ndiwauza mawa. Ndayamba ndi inu chifukwa tsiku lonyamuka munandigwira dzanja pa depoti n'kunena kuti banja lanu mwalisiya m'manja mwanga.

Ana akupereka moni, wamkulu akufunsa ngati mubwere pa holide. Alamu akuti musade nkhawa, ayamba kuphunzira kulemba ndi lamanzere. Mzere wokhotakhota uli pansipo ndi wawo. Anaulemba m'mawa pepalali lili loyera, ndisanayambe kalatayi, ndipo sakudziwa zomwe zili pamwamba pake. Ngakhale mukhale ndi mawu ondilalatira okhaokha, chonde yankhani ndithu.

Ndine mng'ono wanu, ngati mukundilolabe kutero.

Amayi a ana, ndili bwino. Mng'ono wanuyu akutisamala kwambiri.