Botolo Limene Ndinasintha

Chinsapo 2,
Lilongwe.
17 Febuluwale

Okondedwa achimwene anga a Ephraim,

Muli bwanji kumeneko ku Joni, inu ndi alamu anga a Rachel pamodzi ndi ana? Mwendo uja munkadandaula nawo pa Khirisimasi unasiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti mvula yanyanya. Msewu wotsikira kumsika uja wasanduka mtsinje, moti a kabaza akumakana kulowamo.

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata foni ilipo. Pa foni mumandidula mawu, achimwene, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse musanayankhe. Ndaipereka kwa a Mackson oyendetsa thiraki aja, akuti adutsa kwanuko Lachisanu.

Nkhani yake ndi ya mwana wanga Thandie ndi chitsime chanu chija.

Nthawi zonse mukandifunsa kuti kodi mwanayu akugwira ntchito yanji, ndimangoti za chilengedwe. Lero ndiulule kuti nanenso sindinkadziwa. Kumsika ena ankandifunsa ngati amadzala mitengo, ena ngati ndi aja amalanda makala. Tsiku lina amake Sipho anabwera pabenchi yanga ya tomato n'kundiuza kuti amuona kumtsinje atavala magambutsi ndi magolovesi, akutunga madzi akuda m'timabotolo. Anafunsa ngati zaka zinayi za ku koleji zija zinali zophunzira zimenezo. Ndinaseka nawo, koma zinandikhala pamtima.

Madzulo ake ndinamukhazika pansi Thandie kuti andifotokozere bwinobwino. Iye akuti munthu akafuna kumanga fakitale, malo omwetsera mafuta, ngakhale sukulu yaikulu, pamafunika wina ayambe wakaona malowo. Aone madzi, dothi, mitengo ndi anthu okhala pafupi, kenako alembe lipoti lonena zimene zingaonongeke ndi mmene angazitetezere. Popanda lipotilo akuti boma silivomereza. Munthu ameneyo ndiye mlangizi wa zachilengedwe, iwo amati konsatanti. Thandie akuphunzira ntchitoyi kwa bambo Yakubu, omwe ali ndi kaofesi kawo ku Area 47.

Ndinamufunsa kuti nanga amene amamulipira mlangiziyo ndani. Akuti mwini wake womangayo. Ndiye ndinati, kodi munthu angalembe zoipa za amene akumupatsa ndalama? Anaseka, akuti amayi mwafunsa funso limene aphunzitsi athu anatha nalo chaka chathunthu. Akuti bambo Yakubu amawauza kuti mlangizi alibe katundu wina koma dzina lake, ndipo akanama kamodzi palibenso amene angakhulupirire lipoti lake.

Mwezi watha bungwe lina lomwe likufuna kumanga makiosiki a madzi kuno ku Chinsapo linapempha bambo Yakubu kuti ayeze zitsime za m'makomo, adziwe kumene kuli vuto lalikulu. Iwo anamupatsa Thandie ntchitoyo, zitsime makumi awiri, ayeze yekha. Inali ntchito yake yoyamba yopanda womuyang'anira. Anafika pakhomo akuvina, chikwama chili kumutu. Chitsime chathu chinali pamndandanda, poti mukudziwa kuti mabanja khumi ndi anayi amatunga pano.

Apa ndiye poyambira kulakwa kwanga. Mukukumbukira kuti mutakumba chitsimecho munandiuza kuti pafupi nacho pasadzamangidwe kanthu. Chaka cha 2021 chimbudzi chakale chinadzaza, a lendi atachuluka, ndipo ine ndinakumbitsa china kuseri kwa nyumba ya pakati, poti m'pamene panali malo. Sindinakuuzeni.

Litatsala tsiku limodzi kuti ayambe, Thandie anatenga tepi n'kuyeza kuchokera pachitsime kukafika pachimbudzicho. Anapeza mamita asanu ndi anayi. Ndinamufunsa kuti amafunika angati, akuti makumi atatu. Anaonanso kuti chimbudzi chili kumtunda, chitsime kumunsi. Anangolemba m'kope mwake. Nditafunsa chimene chimachitika madzi akapezeka oipa, anati zimalowa mu lipoti ndipo chitsime chotero chimayenera kutsekedwa.

Achimwene, ndinaganiza za inu ndi mmene munavutikira kuswa mwala uja pansi. Koma chimene chinandiopsa kwambiri ndi Mwanamisi, wa lendi wa nyumba ya kumapeto. Kamwana kake ka Hafsah kagonekedwa kuchipatala kawiri chiyambire mvula, kutsegula m'mimba. Ife m'nyumba mwathu timamwa madzi ogula ku kiosiki, Thandie anatikakamiza kalekale, koma a lendi ndi oyandikana nafe amamwa a m'chitsime. Ndinaona anthu akundiloza kumsika kuti Peggy uja ndi amene ankamwetsa ana a eni ake zonyansa.

M'mawa mwake anayambira pakhomo pano. Anatunga mosamala, osakhudza kukamwa kwa botolo, analemba nambala wani, n'kuliika m'bokosi lake loziziritsa. Kenako anathamangira kugolosale kwa a Enerst kukagula ayisi. Bokosi analisiya pakhonde.

Ndinatsegula, ndinataya madzi a m'botolo lija kuseri kwa maluwa, n'kuthiramo a m'ndowa yathu ya ku kiosiki. Pobwera anandipeza ndikusesa. Ananditsanzika, ine n'kumuuza kuti ayende bwino.

Patapita masiku atatu anabwera masana, nthawi imene sabwera. Anakhala pakhonde osavula magambutsi. Akuti zotsatira zatuluka ku labu, kumalo koyezera kuja. Zitsime khumi ndi zitatu zapezeka zoipa, koma nambala wani yatuluka yoyera kuposa zonse, ndipo muli kolorini, mankhwala aja amathira m'madzi a m'mipopi. Bambo Yakubu anamufunsa kuti chitsime chimenechi n'cha kwa yani, iye n'kuyankha kuti n'cha kwathu. Akuti sanakalipe. Anangomupempha kope lija, n'kumuuza kuti ayambe wakhala kunyumba, zitsime zonse akayezanso wina, chifukwa iwo sangasayinire lipoti limene nambala imodzi akuikayikira.

Mukuona, achimwene? Iwo ankaganiza kuti mwanayo wachita dala pofuna kuteteza pakhomo pawo.

Chimene chinandipweteka n'chakuti Thandie sanandiganizire ngakhale pang'ono. Anayamba kufufuza ngati wapolisi. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa a lendi ngati alangizi a zaumoyo anabwera kudzathira mankhwala m'chitsime. Anatunga madzi, kununkhiza, kuponyamo kam'bulu kena kamene akuti kamafiiritsa madzi mukakhala kolorini. Madzi osasintha. Anaimbira a ku labu kufunsa ngati sanasokoneze mabotolo. Anajambula papepala njira yonse imene anayenda tsiku lija, pamene anaima, amene anakhala naye pafupi mu minibasi. Chakudya ankangochitola.

Ankandiuza kuti, "Amayi, kolorini salowa yekha m'botolo. Pali chinachake chimene sindikuchiona." Ine n'kumavomera kuti eya mwanawe, uchipeza.

Ndinapirira masiku awiri. Lamulungu titabwera ku tchalitchi, ndisanavule n'komwe mpango, ndinamuitana kuchipinda n'kumuuza zonse.

Ndinkayembekeza kuti akalipa kapena alira. Koma iye anangofunsa kuti, "Botololo munalitsuka kaye, kapena munangothiramo?" Ndinati ndinatsukuluza kawiri. Anagwedeza mutu, akuti n'chifukwa chake m'botolomo simunatsale kanthu. Atatero m'pamene misozi inayamba kutsika. Anatuluka, ndipo tsiku limenelo sanandiyankhulenso.

Lolemba sindinapite kumsika. Ndinakwera maminibasi awiri mpaka ku Area 47, ndekha, kufunsa funsa mpaka ndinaipeza ofesiyo. Ndi nyumba wamba, mkati muli mapu okhaokha pakhoma. Bambo Yakubu ndi munthu wamfupi, wa ndevu za imvi, woyankhula motsitsa. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Nditamaliza anandifunsa za kamwana kaja, kuti kali bwanji tsopano ndipo kakumwa madzi ati. Funso limenelo linandichititsa manyazi kuposa kukalipiridwa.

Anati Thandie abwerere kuntchito, koma nayenso ali ndi zolakwa ziwiri zoti aphunzirepo. Botolo salisiya pamene maso ako sakuliona, ndiponso akanayenera kunena poyamba pomwe kuti chitsime china n'cha kwawo, kuti akatunge wina. Anati chathuchi adzatunga okha. Kenako anandifunsa ngati ndikufuna kukaona ndi maso anga chimene ndinkabisacho. Ndinati ndikufuna.

Lachitatu anabwera, anatunga, ndipo Lachinayi masana anandiitana ku labu. Achimwene, mukanaona! Madzi aja amawasefa pa kapepala koyera kozungulira, n'kukaika m'kambale kakang'ono kotsekera, n'kukasunga pofunda tsiku lathunthu. Mtsikana wa kumeneko ananditulutsira timbale tiwiri. Koyamba kanali ka madzi a pampopi, kapepala kali mbee. Kachiwiri kanali kathu. Kanadzaza timadontho tachikasu, tothithikana ngati mazira a nsomba. Akuti kadontho kalikonse kamera kuchokera ku kachilombo kamodzi kochokera m'mimba mwa munthu, ndipo pa kathuko analephera kuwerenga.

Ndinafunsa kuti nanga madzi amenewa bwanji amaoneka oyera chonchi, osanunkha, ozizira bwino? Akuti tizilomboto n'tating'ono moti ngakhale zikwi m'kapu imodzi diso silingaone. Ndinafunsa kuti timayenda bwanji pansi pa dothi popanda njira. Bambo Yakubu anajambula papepala, akuti pansi pathupa pali madzi amene amakwera nthawi ya mvula mpaka kukhudza pansi pa chimbudzi, ndipo amayenda pang'onopang'ono kutsikira kumunsi, ngati mmene amachitira pamwamba. Ine zaka zonsezi ndinkayesa chitsime chili ngati mtsuko, madzi ake ali payekha. Ndinafunsanso ngati kuwiritsa kumapha, ngati chimbudzi chikatsekedwa dothi limachira, ndi kuti limatenga nthawi yaitali bwanji. Mtsikana uja mpaka anaseka, akuti tsopano wadziwa kumene Thandie anatengera mafunso.

Pobwerera sindinalowe m'nyumba. Ndinapita kwa Mwanamisi, ndinamupeza akuchapa, n'kumuuza zonse, za chimbudzi ndi za botolo zomwe. Anasiya kuchapa, anatenga mwana wake n'kumubereka, ngakhale sankalira. Anangoti, "Mukanandiuza tsiku lomwelo, amayi. Sabata yonseyi wakhala akumwa omwewo." Sanasamuke, koma moni wake wafupika, ndipo sindikumuimba mlandu. Panopa ndowa za ku kiosiki ndikumatunga ziwiri, ina n'kukasiya pakhomo pake. Hafsah wayamba kudya.

Tsopano zopempha zanga ndi ziwiri.

Choyamba ndi chitsime. Ndavundikirapo lata n'kutsinjiza miyala, ndipo mabanja onse ndawauza chifukwa chake. Ena adandaula kuti ku kiosiki n'kutali, ndipo n'zoona. Mu lipoti akuti mwalembedwa kuti dera lathu lino liyambirire kulandira kiosiki yatsopano, koma ngati bungwelo litsatire kapena ayi, sindikudziwa. Kuti chitsime chikwiriridwe ndithu pakufunika mawu anu, poloti ndi yanu. Ndikudziwa kuti munachikumba ndi manja anu. Amene wachiononga ndine, osati mwanayu, choncho ngati mukalipe, kalipirani ine.

Chachiwiri ndi Thandie. Ndikudziwa kuti mwamupezera malo m'shopu ya anzanu kumeneko, ndipo kale ine ndinkakuvomerezani. Ndasintha maganizo. Akuti pakufunika zaka zingapo ali pansi pa bambo Yakubu kuti adzalembedwe m'kaundula n'kumasayinira yekha malipoti. Zimene akulandira panopa n'zochepa, sindikubisani. Koma ine ndinamuona masiku awiri aja akufunafuna chimene chalakwika, ndipo sindinaonepo munthu wokonda ntchito yake chotero. Ndinatsala pang'ono kumulanda ntchito imeneyi ndi manja anga. Musamalize inu chimene ine ndinayamba. Ndinu malume ake, mawu anu amawaopa, ndipo mukamuitana abwera ngakhale asakufuna. Mumuimbire, mumufunse za ntchito yakeyo. Akuuzani zambiri kuposa zimene mwafunsa.

Ine ndi iye tikuyankhulana, ngakhale si monga kale. Zimenezo ndazisiya m'manja mwa Mulungu. Dzulo akupita kukayeza chitsime cha kumunsi kwathu kuno anaima pageti n'kundifunsa ngati ndili ndi nthawi yomugwirira tepi mbali inayo. Ndinasiya mbale zili m'madzi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse, makamaka Aleke amene ndamva kuti wakhoza mayeso. Ambuye akusungeni ndi kukutetezani m'dziko la eni akelo. Mukamayankha mundiuzenso kuti madzi amene mumamwa kumeneko amachokera kuti, ndipo amawayeza ndani.

Ndine mchemwali wanu,
Peggy