Mapiritsi Asanu ndi Limodzi a Teleza

Sukulu ya Atsikana ya Mishoni,
Kufupi ndi Masambanjati, Thyolo.
19 Malichi 1934.

Wokondedwa mwana wanga Anesi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ndi wa apongozi anga a Goodson ku Halale uko. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Ife kuno tadzuka. Mvula yagwa masiku khumi ndi anayi mwezi uno, tiyi waphuka kwambiri, ndipo malume ake a Teleza, a Leonard, akuweruka kumunda dzuwa litapendeka.

M'kalata yanga ya pa 4 Malichi ndinakuuza kuti mwana wako Teleza anadwala pang'ono ndipo wachira. Mizere iwiri imeneyo inali yabodza. Khala pansi uwerenge ino yonse.

Ukudziwa ntchito yanga. Ndimasunga atsikana 43 ogonera pasukulu, ndipo kiyi wa kabati ya mankhwala amakhala m'khosi mwanga. Tsiku loyamba la mwezi, a nesi a kuchipatala cha mishoni amatitumizira botolo la kwinini, mapiritsi 120. Mwana wa malungo amamwa atatu patsiku, masiku asanu. Amameza ine ndikuona, nayasamula, nakweza lilime, kenaka ndimalemba m'buku. Lamulo lina likuti botolo likamatha mwezi usanathe, nditume munthu akatenge ena. Pa zaka khumi ndi chimodzi sindinatumepo munthu. A nesi ankanditama pamaso pa aphunzitsi, amvekere botolo la mayi Mwamadi silinama. Mawu amenewo ndinkawakonda koposa muyeso.

Febuluwale anatipweteka ndi udzudzu. Lachinayi pa 22 ndinakhuthulira botolo pa mbale, ndinapeza 36. Tsiku lomwelo anatentha thupi ana atatu: Marita, mwana wa kapitawo wa kumunda wa tiyi; Hadija, wa a Stambuli ogulitsa nsalu ku Masambanjati; ndi Teleza wathu. Pankafunika 45. Anaperewera asanu ndi anayi.

Kuchipatala ndi ulendo wa maola atatu. Munthu womutuma analipo, njira inali youma. Koma ndinati botolo latsopano latsala sabata imodzi, ndichitirenji manyazi? Ndinaganizanso kuti ndikachepetsa a Marita, kapitawo amva. Ndikachepetsa a Hadija, a Stambuli adzati tikusala mwana wawo chifukwa ndi Msilamu. Wopanda wondifunsa anali mdzukulu wanga. Awiriwo ndinawapatsa khumi ndi asanu aliyense. A Teleza anatsala asanu ndi limodzi. Ndinawadula pakati ndi mpeni, theka katatu patsiku, masiku anayi.

Tsiku lachiwiri Teleza anayang'ana m'dzanja la Hadija, nandifunsa kuti agogo, anga bwanji ndi obenthuka? Ndinamuyankha kuti iye ngwamng'ono thupi. Anaseka, nati Hadija amavala diresi lake lomwe, ndiye wamng'ono ndani? Ndinamukalipira kuti ameze msanga, mzere ukudikira. Anameza, nakweza lilime monga ndinamuphunzitsira.

Lamlungu anaoneka bwino, anayimba nawo m'tchalitchi. Lachiwiri masana anagwa m'kalasi, sileti ili m'manja, thupi likugwedezeka, maso atatembenuka. Leonard ndi anzake atatu anasiya madengu m'munda, namunyamula pamachila. Ndinayenda pambuyo pawo njira yomweyo imene ndinakana kutumako munthu. Ndinafika m'maola atatu, ine nkhalamba.

Anagona masiku asanu ndi atatu osatizindikira. A nesi anatsegula buku langa. Mmenemo sindinaname: pa dzina la Teleza panali theka, theka, theka. Anandifunsa kuti pashelefu pawo panali mabotolo asanu ndi awiri, ndinalekeranji kutuma munthu?

Anesi, mwana ali moyo. Akudya, akuyenda, dzulo anatha masupuni khumi ndi awiri a phala. Koma khutu lake lamanzere silikumva. Ndimamuyesa m'mawa uliwonse, ndikamuyitana ndili kumanzere, satembenuka. A nesi akuti mwina lidzatseguka, mwina ayi.

Tsopano pempho langa. Leonard wakwiya, akuti sukulu ndiyo yalemaza mwana, amutenge azikathandiza akazi ake kuthyola tiyi. Ndamuuza kuti sukulu inali ndi lamulo labwino, wolithyola ndine. Anati adikira mawu ako, poti mwana ngwako. Ndikukupempha, usamuchotse. Teleza ndi wachiwiri m'kalasi pa masamu. Aphunzitsi a Margret amusunthira kale kutsogolo, khutu labwino kumbali yawo. Ngati wina ayenera kuchoka pasukulu pano, ndi ine. Kiyi ndinakamupereka kwa aphunzitsi aakulu. Anandibwezera, amvekere tsopano ndiye ndadziwa ntchito yake. Mwezi uno ndatuma kale munthu, botolo likadali ndi 40.

Teleza ndinamuuza zonse, ndikulankhulira kukhutu lamanja. Anafunsa ngati Hadija anachira bwinobwino. Ndinati inde. Anati agogo, ndiye masamu anu analondola pa awiri, analakwa pa mmodzi. Ndinatuluka panja kuti asaone nkhope yanga.

Sindikukupempha kuti undikhululukire msanga. Undilembere, ngakhale kalata yaukali, koma mulembemo mzere umodzi woti Leonard awerenge: mwana akhale pasukulu. Kalata imayenda masiku khumi ndi awiri kupita, khumi ndi awiri kubwera. Ndayamba kuwerenga lero.

Undiperekere moni kwa a Goodson ndi kwa khanda Edson, amene sindinamuonebe. Leonard akupereka moni. Teleza walemba yekha dzina lake pansipa. Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mayi wako wolakwa,
Esitere Mwamadi

Teleza