Chibwenzi changa chikudana ndi tsekwe, chonsecho tsekweyo ndine

Aphungu,

Ndikulemba ndili ndi ayezi pa bondo, mtima nawo uli m'malere. Chonde dzina langa musalitulutse, chifukwa ntchito imene ndimagwira palibe amene ayenera kudziwa kuti ndimaigwira.

Ndine mnyamata wa zaka 22, ndili m'chaka chomaliza pa koleji ya kuno kwathu. Timu yathu ya mpira ili ndi chizindikiro chake, chitsekwe choyera dzina lake Buford, chimene chimavina pabwalo Loweruka lililonse, kugwedeza mbuyo, kulanda zipewa za oimbira mpira ndi kujambulitsa ndi ana. Aphungu, Buford uja ndi chigoba chovala munthu, ndipo mkati mwake mumakhala ine. Chino n'chaka chachitatu.

Mwambo wake mukuudziwa. Wolowa m'chigobacho amalumbira pamaso pa Mayi Pruitt, amene amayang'anira ovina ndi ochemerera timu, kuti sadzauza munthu, ngakhale mayi ake omubereka. Buford salankhula, ndipo savula mutu pagulu. Anthu amadzadziwa tsiku lolandira digiri, mnyamatayo akamakwera pansanja atavala mkanjo wakuda ngati anzake, koma kunsi ataponda zimapazi za tsekwe zija, zazikulu ngati mathileyi a kukhitchini. Holo yonse imaimirira. Tsiku limeneli ndakhala ndikulilota chilowereni m'chigobamo. Likubwera mwezi wamawa, ndipo tsopano ndikuliopa.

Vuto ndi Kendra, chibwenzi changa.

Akuluakulu a koleji akufuna kukweza ndalama ya zamasewera imene wophunzira aliyense amalipira pamwamba pa fizi, kaya amakonda mpira kaya sanapondeko pabwalo. Akuti awonjezere madola 150 pa teremu, akonzere bwalo ndi kumanga zipinda zatsopano za osewera. Ophunzira tiponya voti sabata yamawa, ndipo amene akutsogolera gulu la AYI ndi Kendra yemweyo.

Kendra akuphunzira unamwino, watsala ndi chaka china. Kuti alipire fizi amatsuka mbale kukhitchini ya koleji mpaka zala kuchita makwinya. Akayamba kulankhula, womutsutsa amasowa. Tsiku lina pamsonkhano anakwera pampando n'kunena kuti, "Kochi wathu amalandira kuposa aphunzitsi khumi, timu yake n'kumagonja ngati yachita kupemphedwa. Ku labu kwathu denga likudontha, timatchera ndowa. Ndiye ine nditsuke mbale zina kuti anyamata azisamba madzi ofunda? Wofuna mpira agule tikiti." Ndinawomba m'manja, Aphungu. Ndinawomba ndi mtima wonse, uku bondo likuwawa chifukwa cha kuvina kwa dzana.

Choipa n'chakuti gulu lake lasankha Buford kukhala chitsanzo cha kusakaza ndalama, poti chaka chatha koleji inamugulira chovala chatsopano chokhala ndi kachipangizo kokupiza mphepo m'mutu. Nkhope yake ili pa zikwangwani zawo zonse, pansi atalemba kuti "Tsekwe uyu amadya fizi yako." Sindingatsutse kwambiri. Chifukwa cha kuvinako amandichotsera theka la fizi, ndipo pakanapanda tsekwe ameneyu bwenzi nditabwerera kwathu kalekale wopanda digiri.

Loweruka ndimamuuza Kendra kuti ndimakathandiza amalume kugalaji yawo ya matayala. Amalumewo alipodi, galajiyo iliponso, kungoti chaka chino sanandione. Kendra safunsa zambiri. Ndikabwera madzulo ndimapeza wandisungira msuzi wa nkhuku wothira mchere wambiri ndi chibotolo cha madzi, n'kumati, "Imwani, bambo a matayala. Ntchito yanuyi ndi ya thukuta." Tsiku lina anandichotsa kanthenga koyera m'khosi n'kufunsa kuti, "Kodi amalume ako ayamba kuweta nkhuku?" Ndinati eya. Mulungu andikhululukire, ndinatchula ndi kuchuluka kwa nkhukuzo.

Masabata awiri apitawo gulu lake linaima ndi zikwangwani pachipata cha bwalo, pamene anthu amawotchera nyama kumbuyo kwa magalimoto mpira usanayambe. Ine ndinkatsika masitepe ndili Buford. M'chigobamo munthu umaonera pa kabowo ka pakhosi, pansi suona. Mnyamata wina wa gulu lawo anandikoka mchira, ine dzandi dzandi, kutsala pang'ono kugubuduka. Amene anandigwira phiko ndi Kendra. Anamukalipira mnzakeyo kuti, "Tikulimbana ndi a mu ofesi, osati wovala nthenga." Kenako anasendera pakhosi pa tsekwe n'kunena chapansipansi kuti, "Samala bondo lakumanzerelo, chitsiru iwe."

Mwamva, Aphungu? Chitsiru. Ngati akumunyoza chonchi Buford asakumudziwa, nanga akadzadziwa kuti ndine?

Tsopano Mayi Pruitt anandiitana. Loweruka likubwerali ndi mpira womaliza wa pakhomo, ndipo akufuna kuti nthawi yopuma Buford azungulire bwalo atanyamula chikwangwani cholembedwa kuti "Voterani INDE". Anati, "AYI akapambana usaganize kuti adula mpira, mwana wanga. Adula timu ya mpikisano wosambira, adula bandi, adula ndi kathandizo kako komwe. Wodzalowa m'chigobamo iwe ukachoka adzavina ulere." Kendra amati zimenezi n'kuopseza chabe. Ine sindikudziwa amene akunena zoona.

Ngakhale pochonga sindikupadziwa. Ndikaona zala za Kendra ndimati AYI. Ndikaona anzanga osambira amene amadzuka kusanache m'chisanu muno, kapena kamwana kakuthamangira Buford manja ali m'mwamba, ndimati INDE. Kendra akandifunsa maganizo anga ndimati, "Nkhani yake ndi yovuta," n'kudzaza pitsa m'kamwa. Dzulo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Koma iwe umangokhala chete ngati unalumbira." Sanaseke, ndipo chakudya chake anachisiya.

Mtsikanayu ndimamukonda, Aphungu. Mphete ndinaiona kale m'sitolo ina, ndimakaizonda ngati wodwala. Tsiku la digiri adzakhala pamodzi ndi mayi anga, ndipo mayi ake nawo akubwera. Ndinyamule chikwangwanicho? Ndiphwanye lumbiro, ndiulule? Kapena ndikhale chete, adzangoona zimapazi, mwina chisangalalo cha tsikulo chidzamufewetsa mtima?

D. W., Harlan Creek

Mwana wanga D. W.,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili ndi mpango wopukutira misozi ya phwete. Undikhululukire. Ndiyambe ndi nkhani imene iwe ukuiona ngati phiri, chifukwa ndi kachulu chabe. Kendra akudziwa.

Mwamuna wochokera ku matayala amafika akununkha mphira, manja ali bii, osati ali ndi nthenga m'khosi. Wophunzira unamwino sapatsa munthu madzi ndi mchere mwangozi, amadziwa chimene thupi lataya. Ndipo tandiuza, pa chikhamu chonse chija, ndani angadziwe kuti tsekwe ali ndi bondo lovuta, n'kudziwanso kuti ndi lakumanzere? Iwe unamva "chitsiru" n'kuphonya "samala". Ndimadziwa kuti kabowo ka pakhosi kaja kamachepetsa maso, koma sindinkadziwa kuti kamatsekanso makutu. Za nkhuku za amalume ndiye usandikumbutse. Mtsikana anangofuna kuona kuti bodza lako lifika pati, iwe n'kumuwerengera ndi nkhuku zomwe.

Choncho munthu amene ukumuopayo wakhala akusunga chinsinsi chako bwino kuposa mwini wake. Akanafuna kupambana voti mosavutikira, akanangokwera pampando paja n'kulengeza kuti ngakhale tsekwe amawombera m'manja gulu la AYI. Sanatero. Zimenezo uziganizire ukamamwa msuzi wake.

Chikumuwawa si nthenga ayi, ndipo anakuuza yekha pamene anasiya chakudya. Unalumbira kubisa nkhope ya Buford, sunalumbire kubisa maganizo a D. W. Wazolowera ntchito yosalankhula, moti ukavula chigoba umaiwala kuti pakamwa pako pamatseguka. Ukufuna kuti Mayi Pruitt azikuona wa INDE, Kendra azikuona wa AYI, iwe osanena kanthu. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga, ndipo mvula yako yayamba kale kuwaza.

Mawa m'mawa upite kwa Mayi Pruitt. Usadikire Loweruka, mutu wa tsekwe uli kale m'manja. Ukawauze mwaulemu kuti Buford ndi wa ophunzira onse, poti a INDE ndi a AYI omwe ndiwo anamugulira nthenga, ndiye sayenera kuvinira mbali imodzi. Ngati chikwangwani chikufunika, chikhale chongoti "Kavoteni". Mwina akwiya, mwinanso chigobacho apatsa wina Loweruka limenelo, ndipo zidzakuwawa kuonera mpira wako womaliza uli pabenchi. Upirire. Uli komweko, uwapemphe chilolezo chouza munthu mmodzi. Mayi amene walera atsekwe zaka zonsezi waona zibwenzi zambiri zikutola nthenga m'khosi, iwe sukhala woyamba.

Akakana, dzina la Buford ulisunge monga unalonjezera, koma galaji ya amalume uitseke. Umuuze Kendra kuti, "Loweruka sindipita kwa amalume, ndipo kumene ndimapita ndinalonjeza kuti sindinena." Pamenepo lumbiro silinaphwanyidwe, bodza latha.

Pa voti sindikuuza pochonga. Si ine wotsuka mbale, si ine wosambira kusanache. Koma usameze za Mayi Pruitt osatafuna, ngakhalenso za Kendra. Upite kumsonkhano wa ophunzira ndi nkhope yako yobadwa nayo, ukaimirire, ukafunse kuti pa ndalama imeneyi ikupita ku mpira ndi ingati, ya osambira ndi bandi ndi ingati, nanga n'chifukwa chiyani mpeni ukabwera umayambira kwa ang'onoang'ono n'kulambalala kochi. Ndi ochepa amene aona nkhaniyi mkati ndi kunja komwe monga iwe. Ukumbukirenso kuti iwe ukuchoka mwezi wamawa, wotsala ndi mbale ndi Kendra. Zimenezi sizikukakamiza kuvotera AYI, koma zikukuletsa kuyankha munthu ndi pitsa.

Ukasankha, umuuze wekha musanaponye voti. Ngati ndi INDE, unene INDE ndi zifukwa zako, maso ali pa iye. Mudzakangana ndithu, mwina tsiku limenelo msuzi osaupeza. Mavoti awiri osiyana amakwana m'nyumba imodzi, ine ndi malemu amuna anga tinakhala choncho mpaka imvi. Chimene sichikwana ndi mwamuna amene mkazi wake sadziwa pamene waima.

Chenjezo langa ndi ili: zodikira tsiku la digiri uziiwale. Holo idzaimirira, inde, ndipo iwe udzamva kukoma. Koma Kendra adzakhala pakati pa mayi ake ndi mayi ako, anzake onse a AYI atamutembenukira. Akati ankadziwa, adzamutcha wachinyengo. Akati sankadziwa, adzamuseka chaka chathunthu kuti masana ankatukwana tsekwe, madzulo n'kumamuphikira. Usamuike pamalo otere munthu amene anakugwira phiko pa masitepe. Mulankhulane nthawi ilipo, kuti asankhe yekha chimene adzauze anzake.

Zimapazizo ukavale, unazivinira mpaka bondo kuwonongeka. Koma mphete ija uisiye kaye m'sitolo mpaka utatsegula pakamwa. Kendra wadikira nthawi yaitali, mwana wanga, ndipo sakudikira kuti adziwe amene ali mkati mwa tsekwe. Akudikira kuti aone ngati mkati mwa D. W. muli munthu.

Aphungu