Chitseko Cholankhula cha ku Kasanda

Kasanda, Kabwe
14 Ogasiti 1999

Okondedwa akulu anga a Ethel,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete kumeneko. Ife tilipo, kungoti ana akutsokomola ndi fumbi la pa mgodi wakufawu.

Mukudziwa kuti chimwalirire amuna anga a Zephaniah, mng'ono wawo Febian tulo sakupeza chifukwa cha nyumba ino. Mgodi utatsekedwa eni ake anatigulitsa nyumbayi ife okhalamo, iye ali ku Makululu kumwa kachasu, lero akuti ndi ya banja. Abale anagwirizana kuti chimene apongozi anga anganene ndi chomwecho, poti mayi ndi iwo. Ndiye mverani manyazi amene Febian anachita Lamlungu.

Anabwera masana ndi mneneri wina, Given, wa suti yoyera yothina m'khwapa ndi chikwama chachikulu. Anatitulutsa tonse panja, akuti ayeretse nyumba. Titalowanso, mneneri anayamba kubuula, kenaka chitseko cha kuchipinda chathu chinalankhula! Mawu a mwamuna, onjenjemera: "Amayi, ndine Zephaniah. Kuno sindikugona. Nyumba mupatse Febian."

Apongozi anagwa n'maondo kulira. Febian nayenso anadzigwetsa pansi, maso ouma gwa. Koma mbava zina n'zaulesi, akulu anga. Kaseti anajambulapo mawuwo inali yakale, sanaifufute yonse. Malemu atangomaliza kudandaula, chitseko chinayamba kuimba kalindula, ng'oma ndi magitala omwe! Mneneri anathamangira kuchikwama chake kufuna batani, thukuta kamukamu.

Ndinatembenuza chitseko. Kumbuyo anamatako kanthu kangati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Kakalumikizidwa ku wailesi, kamanjenjemeretsa thabwa mpaka thabwalo kutulutsa mawu ngati sipika. Waya anaudutsa pansi pa mphasa kukafika m'chikwama.

Ndinati, "Alamu, akulu anu anali a kwaya ya Chikatolika. Kalindula aphunzira kumanda?"

Iye ati, "Mulamu, mizimu ili ndi njira zake." Chitsiru! Anathawa onse awiri, kanthu kaja n'kukasiya.

Musaseke msanga. Apongozi maso anafa, waya sanauone, ndipo anakana kumva za ine. Anangoti, "Mwana wanga walankhula, iwe ukufuna kumutseka pakamwa." Tsiku lonse anakhala pa chitsekocho, osadya. Ndinaona kuti nyumba yapita.

Lachitatu ndinalumikiza kanthuko ku wailesi yathu, n'kuikamo kaseti ya pa ukwati wa mwana wathu Charity, pamene bambo ake ankalangiza akwati. Sindinabise, ndinawauza apongozi kuti ndi kaseti. Chitseko chinatsokomola kaye, monga ankachitira malemu, kenaka chinaseka. Apongozi anaika dzanja pathabwa nthawi yaitali.

"Uyu ndiye wanga," anatero. "Uja sanatsokomole. Pano sachokapo munthu."

Dzulo anawauza abale chomwecho, Febian ali pomwepo akuyang'ana nsapato zake. Ndiye chipinda munandikonzera chija muikemo chimanga, sindibwera.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Kaseti ndinaibisa, apongozi ndimawaikira kamodzi patsiku. Ine ikayamba ndimatuluka kukatunga madzi, ngakhale ndowa zili zodzaza. Mundikumbukire pa Misa.

Ndine mng'ono wanu,
Felistus