Kampando ka Debora

Lolemba, 3 Juni 2024
Debora wabwera ndi nkhani ya kusukulu. Akuti madamu awo a Sitandade 4 anena kuti mwana aliyense abweretse mpando kapena tebulo, pali malikisi. Akuti kakhale kakang'ono. Kakang'ono bwanji? Wandionetsa chikhatho chake. Nanga adzakhalapo ndani? Mwanayu sanamve bwino basi. M'kalasi mwawo amakhala pansi, yunifolomu imabwera yofiira ndi fumbi. Mphunzitsi angafune mpando wosakhalika?

Lachitatu, 5 Juni
Misomali ku Madisi, pa njinga. Thabwa la bulugamu lotsala pa chitseko chija. Kudimba osapita, tomato wafota. Koma mpando watuluka. Wolimba. Ndaukhalira ndekha, osalira ngakhale pang'ono. Amake Debora akuti ndikadafunsa kaye kusukuluko. Kufunsa chiyani? Mpando ndi mpando.

Lachisanu, 7 Juni
Debora wabwera nawo pamutu monga anapitira. Kalasi yonse inaseka, ena akuti watenga wa kumowa. Madamu akuti ndi waukulu, komanso si manja ake. Apange yekha, abweretse Lachisanu likudzali. Wautula pakhonde. Sanadye.
Ndalakwa pati? Kulimbako?

Lachiwiri, 11 Juni
Tsiku lachiwiri osapita kusukulu. Akuti mutu. Mutu wake umapola anzake akangodutsa. Inenso ndinayamba choncho, Sitandade 3, atandiseka kabudula wong'ambika. Sindinabwererenso. 
Ndapita kwa madamu, chipewa m'manja. Ndafunsa ntchito ya kampando koti ngakhale nkhuku singakhalepo. Afotokoza zambiri, za kuyeza, za diso ndi manja kugwirizana. Ine eya, eya. Chomwe ndatolapo: mapesi, osati thabwa. Ndikutuluka anati, "Bambo a Debora, inuyo manja kumbuyo."

Lachinayi, 13 Juni
Ndamubweretsera mapesi a m'munda mwathu. Wanena kuti mawa apita, kampandoko kakaima. Kakapanda kuima sapita.
Wasenda mapesi ndi mano, wadula mtima wake wofewa uja ndi lezala, makungwa ndiye misomali. Lilime panja. Ine patali, kukhala ngati ndikukonza tcheni cha njinga. Katuluka. Mwendo umodzi waufupi, kakupendama ngati munthu woledzera. Ndamuuza. Akuti kakuima, ndiye vuto n'chiyani.
Vuto lilipo. Akamusekanso.

Lachisanu, 14 Juni
M'mawa iye akusamba. Ndinati ndingokoka mwendo uja pang'ono, palibe aone. Zala zangazi n'za khasu. Mwendo wathyoka, chotsamira chachoka. Ndaima nako m'manja. Amake angogwira pakamwa.
Watuluka, waona. Ndinati basi, sukulu yathera pano, ndipo ndine. Sanalire. Anati, "Ababa, bweretsani. Inu simutha." Wakhala pansi, phesi lina, mano, lezala. Anzake akuitana pamsewu, iye akuti adikire. Mwendo watsopano ndiye wautali kuposa inzake. Kakupendamira mbali inayo tsopano. Ine manja kumbuyo.
Wakaika m'kachitini, wathamanga.

Masana, kudimba
Sanabwezedwe, 12 koloko yakwana. Ndathirira mizere iwiri yokha. Kenako ndatola phesi, ndione chovuta n'chiyani. Ndayesa katatu. Sikakuima. Akabwera ndimufunsa kuti makungwa aja amabaya mbali iti.